Chifukwa chake mafizo apanyumba amathera panjira

Ambiri mwa anthu amene amabwera kudzandifunsa za kulimbitsa thupi si oyamba kumene. Anayambapo kale, ndipo nkhani zawo zimafanana. Sabata yoyamba ankadzuka m'bandakucha tsiku lililonse, n'kuthamanga ola lathunthu, n'kusiyiratu shuga, mafuta ndi chakudya chamadzulo. Pofika sabata yachinayi mawondo akuwawa, njala yawapha, sikelo nayo yangoima malo amodzi. Basi zonse zathera pomwepo. Iwo amadziimba mlandu wa ulesi, koma ine nthawi zambiri sindivomereza. Cholakwika chimakhala ndondomeko imene anadziikira: ndi moto wamapesi, wolilima kwambiri koma wosachedwa kuzima.

Thupi silifuna zochuluka chonchi. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera a mphamvu yapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 150 ndi mphindi 30 zokha pa tsiku kwa masiku 5. Mphamvu yapakatikati muidziwa ndi mpweya wanu: mukupuma mofulumira, mukutha kulankhula, koma kuimba kukukanika. Kuyenda ndawala, kuvina, kupalasa njinga ndi kukwera masitepe zonsezi zimawerengedwa. Kale ankati nthawi iliyonse izikwana mphindi 10 kuti iwerengedwe, koma mfundo imeneyo anaichotsa. Ngakhale mphindi 5 za m'mawa ndi zina za madzulo zimaphatikizidwa.

Gawo limene anthu amaliiwala ndi la minofu. Malangizo omwewo amati minofu ikuluikulu izigwiritsidwa ntchito yolemera masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, ndipo apa sipafunika jimu. Tengani mpando wolimba, muime patsogolo pake mapazi motalikirana ngati mapewa anu. Kankhirani matako kumbuyo, tsikani pang'onopang'ono mpaka mukhudze mpandowo osakhalapo, kenako dzukani mukuponda ndi zidendene. Mawondo asapindikire m'kati. Ameneyo ndi mayi wa mafizo onse a miyendo, ndipo ndi amene adzakuthandizeni kudzuka nokha mukadzakalamba. Onjezani mapushapu, kaya a pakhoma ngati a pansi akuvuta, ndiponso kunyamula botolo la madzi mukulikokera m'nthiti mutawerama msana uli chiwongokere. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mudzidziwa bwinobwino chimene mwanyamula. Mukayamba kukwanitsa maulendo 15 osamva kanthu, onjezani kulemera kapena muzitsika mochedwerapo. Minofu imakula pokhapokha ntchito yake ikamawonjezeka pang'onopang'ono.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amagwa mphwayi pamene zinthu zayamba kuyenda? Chifukwa zimene zikusintha poyamba sizioneka ndi maso. M'masabata oyambirira mphamvu zimawonjezeka makamaka chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kulamula minofu bwino. Kuti minofuyo ioneke kuti yakula pamapita pafupifupi miyezi iwiri. Kuphwanya kwa thupi kumene kumabwera mukachita mafizo atsopano kumafika pachimake pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, kenako kumatha kokha. Si umboni woti mwagwira ntchito yabwino, ndipo kusamva ululu sikutanthauza kuti mwataya nthawi. Ululu wobaya wa m'bondo, m'phewa kapena pamsana ndi nkhani ina. Umenewo ukuti siyani kaye.

Sikelo ndiyo imanamiza anthu koposa. Munthu akachepetsa mwadzidzidzi zakudya zokhutitsa, thupi limadya shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shugayo imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi. Makilogalamu amene amatsika msanga sabata yoyamba ambiri mwa iwo ndi madzi amenewa. Akatha, kutsika kumachedwa, munthu n'kumaganiza kuti zalephereka. Chikhalirecho kutaya theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata ndiye mlingo wabwino. Komanso thupi likamachepa limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa, njala n'kumakula, choncho kuima kwa sikelo pakapita miyezi ingapo n'kwachibadwa. Ine ndimakonda tepi yoyezera kuposa sikelo. Yezani kuzungulira pamimba chapamchombo kamodzi pa mwezi. Ndi bwino muyesowo usafike theka la kutalika kwanu.

Pa kadyedwe, malangizo anga oyamba amakhala owonjezera, osati oletsa. WHO imati tizidya magalamu osachepera 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso pa tsiku, ndipo mbatata ndi zina zokhutitsa zangati zimenezo sizili m'gulu limeneli. Theka la mbale likadzaza ndi masamba, pambali pali nyemba, mazira, nsomba kapena nyama, malo a zinazo amachepa okha popanda kudzizunza. Zakudya zomanga thupi zimachedwetsanso njala kubwerera. Kudumpha chakudya chamasana kuti muonde msanga nthawi zambiri kumangochititsa kuti madzulo mudye mophwanya mbale.

Zoti muchepetsedi ndi ziwiri. Mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza umene wabisala mu buledi, soseji ndi zokometsera zogula. Shuga wothira asapitirire magalamu 50, omwe ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12, kwa munthu wamkulu wodya mwapakatikati. Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 chimatha kukhala ndi magalamu 35. Munthu womwa chimodzi tsiku lililonse akasinthira ku madzi wachita chinthu chachikulu kuposa amene wadziletsa zakudya khumi kwa masabata awiri. Za tiyi wochepetsa mimba ndi mankhwala otsuka m'thupi sinditayirapo nthawi. Ntchito yotsukayo chiwindi ndi impso zikugwira kale.

Chotsala ndi chizolowezi. Mwina munamvapo kuti chimakhazikika pa masiku 21. Ofufuza a pa University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, anatsatira anthu amene ankayamba zizolowezi zatsopano za kudya, kumwa ndi masewera, ndipo anapeza kuti pakatikati pamatenga masiku 66. Malinga ndi kuyerekezera kwawo, ena zimatha kuwatengera masiku 18, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kanthu kwenikweni. Chimene ndimaona chikuwononga ndi maganizo akuti poti lero ndaphonya, ndidzayambiranso Lolemba, Lolembalo osafika.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti akonze ndondomeko ziwiri. Ina ya tsiku labwino, ina ya tsiku limene mwana sanagone, ntchito yachuluka kapena kunja kukugwa mvula: kutsika ndi kudzuka pa mpando maulendo 10, mapushapu 10, kuguba pamalo amodzi mphindi 5. N'zochepa, inde, koma zimasunga malo a mafizo m'tsiku lanu. Zimangirireninso ku chinthu chimene mumachita kale, monga musanasambe m'mawa, kuti musamakhalire kudzifunsa ngati muchite kapena ayi. Mukadwala kapena kuyenda ulendo wa masabata awiri, mpweya umafupika msanga kuposa mphamvu za minofu, ndiye pobwerera yambirani pansi pang'ono.

Amene muli ndi matenda a mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndiponso amayi oyembekezera, kambiranani kaye ndi dokotala, makamaka ngati mumamwa mankhwala otsitsa shuga, poti mafizo nawonso amamutsitsa. Amene mwakwanitsa zaka 65, muwonjezere zolimbitsa kuima bwino masiku atatu pa sabata, monga kuima ndi mwendo umodzi mutagwira khoma. Ndipo aliyense akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosazolowereka ali pa mafizo, asiye nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala.