Tiyi ndi ndasi si kadzutsa wa mwana

Tsiku lililonse la sikelo ndimafunsa funso lomwelomwelo: "Mayi, mwanayu wadya chiyani m'mawa uno?" Yankho ndimalidziwa asanatsegule n'komwe pakamwa. "Wamwa tiyi." Ndikafunsa chomwe wamwera tiyiyo, ena amati ndasi, ena kabanzi, ena amayankha monyadira kuti buledi wa m'shopu. Ndagwira ntchito ya kadyedwe m'zipatala zing'onozing'ono za muno mu Blantyre zaka zoposa 10, ndipo kunena zoona yankho limeneli landikwana.

Tiyi wopanda mkaka ndi madzi otentha, shuga ndi mtundu, basi. Kamimba ka mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri kamadzadza ndi kapu imodzi, ndiye mukakadzadza ndi madzi a shuga, chakudya chenicheni chilowa pati? Komanso masamba a tiyi ali ndi zinthu zomwe zimatchinga ayironi, amene amathandiza kupanga magazi, kuti asalowe bwino m'thupi. Pakapita miyezi mumabwera naye zikhatho zili mbuu, m'zikope moyera, tikayeza n'kupeza kuti magazi ndi ochepa, inu n'kumadabwa kuti koma mwanayu amadya tsiku ndi tsiku.

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Ambiri tikamva zimenezi maganizo amathamangira kumudzi. Bwerani mudzaime nane pa sikelo ya m'tauni muno muone ana ochokera ku Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe. Ndikawauza makolo kuti msinkhu wa mwana watsalira, amati "ndi mtundu, bambo akenso ndi aafupi." Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri bambo akewo nawonso adakulira tiyi yemweyo.

Za magulu 6 a zakudya sindibwereza, mudaziimba kale m'nyimbo ku sikelo. Za kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba mukuzidziwanso. Chimene ndikufuna ndi chakuti sabata imodzi yokha muyese kuphika kadzutsa wina, ndi ndalama yomweyo imene imathera ku mandasi, Sobo ndi majigisi.

Ntchito yaikulu ndi ya Lamulungu masana, mukachokera kutchalitchi, kapena tsiku lina lililonse lomwe mumapuma. Tengani chimanga chosakonola makapu 4 ndi soya kapu imodzi. Ngati mukufuna wambiri, chulukitsani motsata muyeso womwewo. Soya mumusankhe, mumukazinge pamoto wapang'onopang'ono mpaka fungo lachiwisi lithe ndipo akhale wokhirima mukamutafuna. Apa musachite changu, chifukwa soya wosakazinga bwino amatupitsa mimba ndipo thupi silimugaya mokwanira. Mukatero sakanizani n'kupita nazo kuchigayo. Umenewo ndi ufa wofanana ndi wa Likuni Phala amene timamutama uja. Sungani m'chigoba chouma chotsekeka, ndipo musagayitse wa miyezi itatu, umayamba kununkha chiwawu. Wa sabata ziwiri ndi wokwanira.

Tsono phalalo. Cholakwika chachiwiri, chimene chimandipweteka kuposa tiyi chifukwa mayi amakhala atayesetsa, ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera lothira mchere ndi shuga, lija amamwetsa mwana ndi kapu. Ufa woyera udataya kale gaga pokonola ndi poviika, ndipo zabwino zambiri zidapita ndi madeya ku nkhuku. Mukauchulutsanso madzi, mwana wakhuta madzi. Phala la mwana lizikhala lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni lizitsika mwaulesi, osati kuyenderera. Lipse bwinobwino, lithaphe mphindi 15 kapena 20. Chakumapeto thirani supuni yodzadza ya nsinjiro, kapena kasupuni ka mafuta ophikira. Tsiku lina menyani dzira n'kutakasira momwemo lisanaphulidwe kuti lipsere limodzi. Tsiku lina usipa kapena bonya wouma, mumukazinge pang'ono, musinje, musefe, muwazemo supuni imodzi. Akuluakulu mumachita tsinya mukamva za phala la usipa, koma mwana amene mwamuzoloweza msanga sakana. Mituyo musataye, mafupa ang'onoang'ono aja ndi amene amalimbitsa mafupa ake.

Limenelo ndi la Lolemba, ndipo ngakhale mutaliphika katatu pa sabata palibe cholakwa. Lachiwiri phikani futali. Mbatata sisowa mumsika wa Limbe kapena pa Bvumbwe, ndipo mukapeza yofiira mkati tengani imeneyo, ili ndi vitamini A wambiri. Isendeni madzulo, m'mawa n'kungoteleka, ikafewa thirani nsinjiro ndi kamchere. Pa mbaula ya makala imapsa inu mukusambitsa ana. Lachitatu ndi la nyemba zotsala dzulo, kapena nandolo, kudyera mbatata yophika kapena mkute. Mkute musauchitire manyazi, agogo athu ankapita nawo kumunda n'kulima mpaka dzuwa pamutu. Chokhacho, chilichonse chogona chitenthetsedwe mpaka nthunzi ituluke mkati mwenimweni, osati kungochifunditsa. Sitidaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, pamene sukulu za mu Blantyre zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale. Lachinayi dzira lophika ndi nthochi, kapena peyala lophwanyira mu phala nyengo yake ikakwana. Lachisanu chikondamoyo cha mgaiwa chomwe mwaphika usiku mumphika, makala pansi ndi pa chivundikiro. Mukathiramo nthochi zakupsa kwambiri zija amagulitsa motchipa msika ukamatsekedwa, shuga safunikanso wambiri. Loweruka, pamene palibe wothamangira minibasi, kazingani zitumbuwa ana akuthandizeni kusinja nthochi mumtondo.

Ena mumati, "Akadya phala kusukulu." Ndi zoona kuti Mary's Meals, yomwe idayamba kudyetsa ana kuno ku Malawi mu 2002, yapulumutsa ana ambiri ku njala ya m'kalasi. Koma phala limenelo ndi la amene ali pasukulu. Nanga kakang'ono katsala pakhomo ndi wantchito kaja kadya chiyani? Mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri amayenera kudya katatu kapena kanayi pa tsiku, kuphatikizapo tina tapakati kamodzi kapena kawiri. Tapakati timeneti si majigisi ndi mafilizesi. Gwafa, papaya, mango, nachesi la ku Mwanza, kachidutswa ka chikondamoyo, mbatata yootcha, makata nyengo ya nandolo. Mtedza wathunthu musapatse kamwana kosakwana zaka 5, kangatsamwe nawo, kasinjireni.

Pa mtedza ndiime pang'ono, chifukwa ndakuuzani kuti nsinjiro paliponse. Nsinjiro zosinjasinja za m'timapepala zija simudziwa kuti zachokera ku mtedza wotani. Mtedza wofwifwa, wobooka, wakuda mkati kapena wowawa umakhala ndi chuku, ndipo chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Saoneka, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa. Gulani mtedza wathunthu, muuthire pa lichero, musankhe ndi maso anu. Woipawo tayani, musati tisinjire ndiwo pomva chisoni ndi ndalama. Chimanga chachukunso chimodzimodzi.

Pali mwana wina amene sachoka m'mutu mwanga. Anali mtsikana wa zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, wochokera m'dera lina la m'mbali mwa phiri muno m'tauni. Mayi ake ankagulitsa mazira ophika ndi mtedza wokazinga pa siteji ya minibasi. Ankadzuka 4 koloko kuwiritsa mazira thireyi yonse, kumanga mtedza m'timapepala, kenako kusiyira mwana tiyi ndi ndasi kwa apongozi awo. Nditawafunsa ngati mwanayo adalawapo dzira, adandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo. "Amayi, amenewo ndi a geni. Ndikayamba kudyetsa mwana, mpamba uthera pomwepo." Sindidawadzudzule, ndipo mpaka lero sindiwadzudzula. Dzira limodzi kwa iwo linali phindu la mazira angapo. Palibe adawauzapo kuti limodzi lomwe lasweka powiritsa, lija amagulitsa motsitsa, likadakhala la mwana.

Mwanayo adatsegula m'mimba kwa masiku angapo, kenako adayamba kukana chakudya. Mapazi adayamba kutupa, masaya n'kudzadza. Poyamba pakhomo adasangalala kuti mwana wayamba kunenepa. Kutupa kutakwera m'miyendo, tsitsi litasanduka lofiirira ndi lopyapyala, apongozi adati ndi tsempho, bambo a mwana ayenera kuti adalumpha mwambo. Adapita kwa munthu wina amene adamutema mphini m'mapazi n'kupereka mankhwala omwetsa. Mankhwalawo adamutsegulanso m'mimba, ndipo adawauza kuti ndiye kuti matenda akutuluka. Panapita sabata zitatu, banja likukangana kuti wachimwa ndani.

Tsiku lomwe adabwera naye, adamufunyulula m'chitenje ali zii, thupi lozizira, khungu la m'ntchafu likusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Sankalira. Mwana amene wasiya kulira ndi amene amatidetsa nkhawa kwambiri ife ogwira ntchito imeneyi. Ndidadinikiza chala pa phazi lake, kadzenje kadatsala pomwepo osabwerera. Tidamutumiza msangamsanga kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko adachita zonse zoyenera, koma adamwalira tsiku lachitatu. Akadabwera sabata imene mapazi adayamba kutupa, ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti bwenzi pano ali pasukulu. Ndaonapo ana ambiri otupa chomwecho akuchira n'kumathamanga.

Ndimalemekeza miyambo ya makolo, ndipo nkhani za m'banja mwanu sindilowerera. Ngati akuluakulu akufuna kukambirana za tsempho, akambirane mwana ali kale m'manja mwa achipatala. Kutupa kwa mapazi onse awiri mwa mwana wamng'ono ife timakuona ngati ngozi ya tsiku lomwelo. Kuyeza kwake mungathe nokha: gwirani mapazi onse awiri, dinikizani pamwamba pake ndi zala zazikulu, werengani pang'onopang'ono mpaka 3, chotsani. Pakatsala timaenje, nyamukani. Ku sikelo timayezanso mkono ndi kalamba ka mitundu kaja, ndipo mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 akagwera pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, ndiye kuti wanyentchera kwambiri ngakhale akuyenda.

Mumvetsenso ichi: mwana akafika potupa ndi kukana chakudya, phala la dzira ndi nsinjiro ndakuphunzitsani lija silikhalanso mankhwala ake. Thupi lake limakhala litafooka moti chakudya champhamvu chikhoza kumupweteka. Kuchipatala amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, pang'onopang'ono usana ndi usiku, pamodzi ndi mankhwala olimbana ndi tizilombo, komanso amamuyeza matenda ena obisala monga TB ndi HIV. Akayamba kulandira chakudya ndi pamene amamupatsa chiponde. Chiponde chimenecho ndi chaulere ndipo ndi mankhwala a mwana yekhayo. Musagawire azikulu ake, musapake pa buledi wa abambo, ndipo mukachiona chikugulitsidwa pamsika dziwani kuti chalandidwa pakamwa pa mwana wodwala.

Masiku ano kwabweranso asing'anga a mtundu wina, a pa Facebook ndi WhatsApp, ndi ena oyenda ndi zikwama m'misika ndi m'maofesi. Akugulitsa timabotolo ta "opatsa chilakolako cha chakudya", "onenepetsa m'sabata imodzi", "owonjezera magazi", "otsuka m'thupi". Mayi amene akuti alibe ndalama ya mazira amakongola kuti agule kabotolo kopanda ngakhale chizindikiro cha komwe kadapangidwa. Ena mwa mankhwala onenepetsawa amangogonetsa mwana tulo tosatha. Ena amakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa ma steroid, omwe amatupitsa nkhope n'kumaoneka ngati thanzi, pamene mkati akufooketsa chitetezo cha thupi. Mwana akakana chakudya masiku awiri atatu, pali chimene chikumuvuta: malungo, zilonda za m'kamwa, njoka za m'mimba, magazi ochepa, chifuwa. Zonsezi zimayezedwa ndipo zili ndi mankhwala ake. Kabotolo kaja kamangokudyerani masiku amene tikadamuthandiza.

Ndipo musadikire tsiku la sikelo la mwezi wamawa, kapena kuti abambo alandire kaye, kapena kuti agogo afike kuchokera ku Thyolo adzaone. Ngati minibasi palibe ndalama yake, pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amadziwa kotumiza. Tengani buku la sikelo, chitenje chowonjezera choti mumufunditse chifukwa ana otere amazizidwa msanga, ndipo ngati akuyamwa, muziyamwitsa njira yonse.

Mayi aja ndimawaonabe pa siteji ndikamapita kuntchito. Adabereka wina, mnyamata. Tsiku lina adandikodola, n'kuvundukula kansalu pakona ya thireyi kundionetsa dzira limodzi lomwe adalipatula. "Ili ndi lake, amayi. Ngakhale kasitomala alire bwanji."