Giredi 8 ya ku Joni si Fomu 1 ya kuno

Mayi wina anafika mu ofesi yanga Lolemba m'mawa, lipoti la sukulu lili m'manja, mwana wawo wamkazi akubwera pambuyo atavala juzi ya sukulu ya ku Johannesburg. "Aphunzitsi, mwanayu anali kale ku sekondale, ali Giredi 8. Mumulembe Fomu 1." Nditawauza kuti malo ake ndi Sitandade 8, ku pulayimale, nkhope yawo inagwa. Mwanayo anangozolika n'kumakanda simenti ndi nsonga ya nsapato.

Mayiwo sananame, ndipo ine sindinali kuwakhomerera. Chinatisokoneza ndi mawu amodzi, sekondale, omwe tanthauzo lake limasintha munthu akangodutsa pa Mwanza kapena pa Mchinji.

Kuno kwathu mwana amatha zaka 8 ku pulayimale, Sitandade 1 mpaka 8, kenako zaka 4 ku sekondale, Fomu 1 mpaka 4. Zonse pamodzi ndi zaka 12. Ku South Africa nakonso ndi zaka 12, koma mpeni anaudulira pena: pulayimale imathera Giredi 7, ndipo Giredi 8 ndi chaka choyamba cha sekondale. Choncho mwana uja analowadi pageti la sekondale, koma zaka zimene anaphunzira zinali zofanana ndi za mnzake wa Sitandade 8. Matiriki imene amainyadira kumeneko, Giredi 12, ndiyo imagwera pa Fomu 4 yathu. Ku Zimbabwe kuli msampha wina, chifukwa mawu ndi omwewo koma kawerengedwe n'kosiyana. Iwo amatha magiredi 7 n'kulowa Fomu 1, ndiye wa Fomu 4 wa ku Harare ali m'chaka cha 11, ndipo patsogolo pake pali Fomu 5 ndi 6. Abale athu a ku Chipata ndi ku Katete anakulira magiredi, 1 mpaka 12, ndipo a ku Angónia, ku Mozambique, amawerenga makalasi awo m'Chipwitikizi.

Ngakhale m'dziko mwathu momwemuno mawu asuntha. Agogo akamati "ine ndinalekeza Sitandade 6", adzukulu amaganiza kuti sanamalize pulayimale. Anamaliza. Kale mwana ankayamba Sabu A, kenako Sabu B, asanaponde Sitandade 1, ndiye Sitandade 6 inali chaka chachisanu ndi chitatu. Wa satifiketi imeneyo ankalembedwa ukalaliki kapena uphunzitsi, pakuti sekondale kunalibe mpaka 1940 pamene inatsegulidwa Blantyre Secondary School. Ya Akatolika ku Zomba inabwera mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mayina athuathu ali kumayambiriro ndi kumapeto kwa ulendowu, pakati ndi pobwereka. Sukulu ya tiana timati ya mkombaphala. Amene anapeka dzinali anawayang'anitsitsa anawo: kamwana kakhala pamphasa, kambale pamiyendo, chala chikuzungulira m'mbale kukomba phala lotsalira. Dzinali limakuuza msinkhu wa mwana, komanso chimene chimamukokera kusukuluko. Ya akuluakulu amene mwayi unawadutsa ali ana timati sukulu ya kwacha, ndipo palibe mawu onyoza m'menemo, kwangowachera basi. Pamwamba penipeni pali sukulu ya ukachenjede. Ambiri lero amangoti yunivesite, kapena kutchula malo, Chanco, Poly, Bunda, ngakhale Poly inakhala MUBAS mu 2021 ndipo Bunda ili pansi pa LUANAR. Ine ndimakondabe ukachenjede, chifukwa ndi mawu amene gogo wa kumudzi amawamva osafunsanso.

Pulayimale, sekondale, sitandade ndi fomu tinazitenga kwa Angerezi, koma zinakhazikika, ndipo sindiona chifukwa chozithamangitsira. Vuto langa ndi lakuti mawu oti sekondale amabisa zambiri. Kholo likati "mwana wasankhidwa", funso lotsatira limakhala "wasankhidwira kuti?" Pali sukulu zogonera konko zotenga ana m'dziko lonse, pali zotenga ana a m'boma limodzi, ndiye pali zoyendera zimene timazitchula CDSS. Zomalizazi zinachokera ku malo ophunzirira a MCDE (koleji yophunzitsa anthu ali kutali), omwe boma linawasandutsa sekondale mu 1998, ana atasefukira m'makalasi kutsatira maphunziro aulere a pulayimale a 1994. N'chifukwa chake akuluakulu ena mpaka lero amati "amaphunzira pa MCDE". Mayeso ndi amodzi, a MANEB, koma wina amawalemba atagwirapo zida za mu labu, wina atangoziona pachithunzi cha m'buku. Ndiye pali mawu aja oti "selufu": mwana wa Fomu 1 wochokera kutali achita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, kudziphikira yekha, kudzilera yekha. Papepala ndi wa sukulu yoyendera, koma kwawo amapitako pa holide pokha. Makolo, mukamva mawu amenewa kaoneni kachipindako ndi maso anu, makamaka ngati mwanayo ndi mtsikana.

Mayina a mayeso nawo amafuna kuwamvetsa. PSLCE ndi ya Sitandade 8, JCE ya Fomu 2, MSCE ya Fomu 4. JCE inathetsedwa kwa zaka zingapo n'kubwereranso mu 2021, ndiye pali achinyamata ena amene alibe pepala limeneli osati chifukwa cholephera. Pa MSCE mapointi ochepa ndiwo abwino: phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9, amaphatikiza maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, ndipo wa mapointi 6 ndiye katswiri. Malume wa kunja akamva "ndapeza 12" asadandaule, atumize mphatso.

Kwa amene mukubwera ndi mwana kuchokera kunja, musamangotchula dzina la kalasi. Tengani malipoti a zaka zonse ndi kalata ya kusukulu yakale, tikhale pansi tiwerenge zaka. Dziwaninso kuti khomo la sekondale ya boma ndi PSLCE, ndipo pamayesowo pali Chichewa, chimene mwana wokulira ku Joni amachilankhula koma sanachilembepo.

Mayi aja tinawerenga nawo ndi zala, Giredi 1, Giredi 2, mpaka chala chachisanu ndi chitatu. Anapuma mozama n'kunena kuti, "Ndamva, aphunzitsi." Ndinawalembera kalata yopita kwa ahedi a pulayimale yoyandikana nafe. Chaka chotsatira dzina la mtsikanayo linatuluka pamndandanda wa Fomu 1 wa sukulu yathu, ndipo tsiku loyamba anabwera atavala juzi yomwe ija pamwamba pa yunifomu yatsopano.