Mphika umodzi, mwana wopinimbira ndi mayi wa BP

M'makomo ambiri a ku Kanyama, Matero ndi Chawama mu Lusaka mumapezeka anthu awiri odwala mosiyana koma akudya za mumphika umodzi: mwana wa zaka ziwiri amene sikelo yake sikukwera, ndi mayi ake onenepa amene anauzidwa kale ku kiliniki kuti BP yawo yakwera. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 mu Zambia ndi opinimbira. Si onse mwa anawa amene amagona ndi njala. Chimene chalakwika ndi kagawidwe ka mbale: nsima yambiri, ndiwo zongodyera nsimayo, saladi (mafuta ophikira) ndi mchere wochuluka.

Thupi limafuna zakudya zogwira ntchito zitatu. Zopatsa mphamvu ndi nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, buledi ndi mafuta. Zomanga thupi ndi nyemba, mtedza, kapenta, mazira, soya, mkaka, nyama ndi finkubala. Zoteteza ku matenda ndi masamba ndi zipatso. Kwa munthu wamkulu amene sagwira ntchito yolemetsa, theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale chomanga thupi, ndipo nsima ikhale yofanana ndi chibakera chake. Woumba mabuloko kapena wokankha wilibala pa Soweto Market angawonjezere nsima chifukwa mphamvuyo amaigwiritsadi ntchito. Wokhala pa mpando tsiku lonse, kaya mu ofesi kapena pa kantemba, akawonjezera, yotsalayo imasanduka mafuta a pamimba.

Njere ya chimanga ili ndi khungu, kamtima, ndi mbali yoyera ija. Popanga ufa wa breakfast amachotsa pafupifupi khungu lonse ndi kamtima komwe, pamene ayironi wothandiza kupanga magazi, mavitamini a gulu la B ndi gaga wochedwetsa shuga kulowa m'magazi amakhala mmenemo. Ufa wa roller umasungako zina mwa izi, ndipo nthawi zambiri umatsika mtengo. Amene amaunyoza kuti ndi ufa wa osauka akulipira ndalama zambiri pogula ufa wochepa thanzi. Komabe wodwala shuga asanamizike: nsima ya roller nayonso imasanduka shuga m'thupi, ndiye kukula kwa mtanda ndi kumene kuli nkhani.

Masamba ambiri amafera mumphika. Chibwabwa, bondwe, kalembula ndi repu muzitsuke musanadule, chifukwa mukadula kenako n'kuviika m'madzi, vitamini C amatsalira m'beseni. Ikani madzi ochepa, vundikirani, ndipo phulani masamba akadali obiriwira. Akafika pochita bii ndiye kuti apsa mopitirira. Madzi otsala mumphika musataye. Soda amene timathira mu delele kuti lifewe msanga amawononga vitamini C ndi ena a gulu la B, komanso ali ndi sodiyamu yemweyo wa mu mchere. Katapa yekha ndiye wofunika kusinja ndi kuwiritsa nthawi yaitali, popeza masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka pophika. Mafuta pang'ono ndi ofunika kuti thupi litenge vitamini A wa m'masamba, koma sipuni yaikulu imodzi kapena ziwiri zikwanira mphika wa banja lonse. Sipuni imodzi ya saladi ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120, ndiye ndiwo zosambira m'mafuta zimanenepetsa munthu iye akuganiza kuti akudya masamba. Kutendera ndi nsinjiro ndi njira yabwino koposa, bola musankhe mtedzawo kaye. Wofota, wakuda kapena wachuku mutaye, chifukwa chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale mukazinge kapena kuwiritsa.

Mchere ndi umene umafuna kuwerengera bwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, yomwe ndi sipuni ya tiyi imodzi yosasefukira, kuphatikiza mchere wobisika m'zakudya. Wobisikawo ndi wambiri: m'makyubu okometsera ndiwo, soseji, poloni, buledi, chikanda, ndi kapenta kapena nsomba zoumitsidwa ndi mchere. Kapenta wotere muviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo, tayani madziwo, ndipo mulawe musanathire mchere wina. Mukaika kyubu, mchere musiye. Pa paketi pakalembedwa sodium, chulukitsani nambalayo ndi 2.5 kuti mudziwe mchere wake. Mamiligalamu 400 a sodiyamu ndi galamu imodzi ya mchere. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakapita masabata angapo. Chifukwa chochepetsera mchere n'chakuti umasunga madzi m'thupi, magazi amachuluka m'mitsempha, ndipo mtima umapopa movutikira. BP yofika 140/90 kapena kuposa, poyeza masiku osiyana, ndi yokwera, ndipo kawirikawiri sipweteka paliponse kufikira itabweretsa sitiroko kapena kuwononga impso. Amene anapatsidwa mapilitsi asawasiye chifukwa chakuti achepetsa mchere. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Shuga wothira asapitirire magalamu 50 pa tsiku, masipuni a tiyi pafupifupi 12, ndipo theka lake ndiye labwino kwambiri. Makapu atatu a tiyi a masipuni atatuatatu afika kale pa 9. Chakumwa cha m'botolo la 500 ml chokhala ndi magalamu 10 pa 100 ml chimamaliza mlingo wa tsiku lonse pachokha, ndipo maheu ogula ndi majuwisi ambiri nawonso ndi othira shuga. N'zoona kuti shuga wogulitsidwa mu Zambia amathiridwa vitamini A kuyambira mu 1998, koma vitamini ameneyu mungamupeze mu mango, papaya, maungu, karoti ndi mbatata yofiira mkati popanda kuwononga mano.

Matenda a shuga a akuluakulu sabwera ndi shuga wa mu tiyi yekha. Amabwera pamene insulini, imene thupi limapanga kuti itsitse shuga m'magazi, yasiya kugwira bwino ntchito, makamaka chifukwa cha mafuta a pamimba, kusayenda ndi chibadwa cha kumtundu. Tengani tepi ya telala muyeze mimba cha pamchombo mutapuma bwinobwino: mayi akapitirira 80 cm, bambo 94 cm, chiopsezo chakwera. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuwonda popanda chifukwa ndi zilonda zosapola ndi zizindikiro zoti mukayezetse. Shuga wa m'magazi wofika 7.0 mmol/L kapena kuposa musanadye m'mawa ndiye mlingo umene achipatala amatsimikizira nawo matendawa. Cholakwika chimene chimagwetsa ambiri ndi kumwa mankhwala kenako n'kudumpha chakudya poopa nsima. Shuga amatsika kwambiri, munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, mwinanso kukomoka. Idyani pa nthawi yake, pang'ono, katatu pa tsiku.

Kuchepa magazi kuli ndi msampha wake, tiyi. Mukamwa tiyi pamodzi ndi chakudya, thupi limavutika kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, choncho dikirani ola limodzi. Tomato wosaphika, gwafa kapena lalanje pa chakudya chomwecho zimathandiza ayironi kulowa. Zakumwa zofiira za m'botolo siziwonjezera magazi ngakhale pang'ono. Mayi woyembekezera amwe mapilitsi a ayironi ndi folic acid amene amapatsidwa ku sikelo, ngakhale chimbudzi chide, chifukwa kudako n'kwa mankhwalawo basi.

Za mwana ndiye zomvetsa chisoni kwambiri, popeza msinkhu ndi nzeru zotayika m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi watenga pakati kufikira mwana atakwana zaka ziwiri, n'zovuta kuzibweza. Miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, popanda madzi kapena phala. Akayamba kudya, kamimba kake kamalandira pafupifupi kapu imodzi yokha, ndiye phala lamadzimadzi limamukhutitsa popanda kumupatsa kanthu. Phala labwino ndi lolimbirapo, loti mukapendeketsa sipuni silithamangira kugwa. Thiranimo chimodzi mwa izi nthawi iliyonse: sipuni ya nsinjiro, kapenta wokazinga ndi kusinja pamodzi ndi mitu yake, dzira lophikira momwemo, kapena nyemba zopota, kuwonjezapo masamba osinja. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, wa miyezi 9 mpaka 23 katatu kapena kanayi, ndi chipatso pakati, uku akuyamwabe.

Chizolowezi chomupatsa mwana nsima ya msuzi wokha, nyama ndi kapenta n'kupita kwa akuluakulu, chiyenera kutha. Msuzi ndi madzi, mafuta ndi mchere. Chomanga thupi chimatsala mu nthuli. Mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene wadya, ndipo ndiwo zake muzipatule musanathire mchere wambiri. Mapazi onse awiri akatupa moti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje, kapena tepi yoyezera kunenepa kwa mkono wa mwana ikaonetsa kufiira, pansi pa 11.5 cm, mupite naye ku kiliniki tsiku lomwelo ngakhale akuoneka wonenepa nkhope.