Kulondola mzere wa kholo lolemera la m'zaka za m'ma 1800

Mabanja ambiri amatchula kholo lomwe linali ndi chuma kalelo: minyanga ya njovu, nsalu, mikanda, mfuti za gogodera. Chimasokoneza ofufuza n'chakuti munthu wotereyu dzina lake silinkapita naye kumanda. Pakati pa Achewa ndi Ayao, mwana wa mlongo wake ankalowa dzinalo, wina n'kudzalowanso. Choncho gogo mmodzi wotchulidwa pakhomo akhoza kukhala anthu atatu osiyana.

Yambirani pa inuyo, muzibwerera m'mbuyo. Pitani kwa azimayi achikulire a mbumba yanu, osachepera atatu, ndipo muwafunse aliyense payekha, chifukwa akakhala pamodzi amangovomereza zonena wamkulu. Musafunse chaka. Funsani za gogo aliyense kuti anabadwa kwa mayi uti, dzina lake laubwana linali ndani, mfunda wake, mudzi umene anakakwatira, ndi kumene anagona. Kenako mangirirani nkhaniyo pa zochitika zodziwika: kuwoloka Zambezi kwa Angoni mu 1835, kuphedwa kwa Gomani, mfumu ya Angoni, mu 1896, nkhondo ya Chilembwe ya 1915. M'badwo uliwonse muziupatsa zaka 25 mpaka 30. Ngati mibadwo inayi yokha ikukufikitsani ku 1835, pali amene adumphidwa.

Mapepala amabwera pambuyo. Zolemba zambiri zaboma zinapsa ku Zomba mu 1919, motero mabuku a ubatizo ndi ukwati a mishoni ndiwo chuma chenicheni: Livingstonia inayamba 1875, Blantyre 1876, Likoma 1885, Mvera 1889. Ku National Archives ku Zomba, pemphani mabuku a ma DC, momwe ankalembamo mibadwo ya mafumu. Kumbukirani kuti Mangochi mudzaipeza ngati Fort Johnston, Nsanje ngati Port Herald, Nkhotakota ngati Kota Kota. Azungu ankalemba mayina a anthu momwe khutu lawamvera, komanso wobatizidwa ankapatsidwa lina, ndiye yesani kalembedwe kangapo.

Pali mbali ina yofunika kuigwira mosamala. Chuma cha nthawi imeneyo nthawi zambiri chinkayenda limodzi ndi malonda a akapolo, ndipo ana a akazi ogwidwa ankakulira pakhomo pomwepo. Mkulu akafika pa dzina lina n'kusintha nkhani, musamukakamize. Lembani pamene waimira, ndipo mufunse kaye amalume musanaonetse aliyense.