Khadi la chipani ndi bata la nthawi ya Kamuzu

Mbava zikathyola nyumba m'mudzi, m'mawa mwake sipalephera munthu wachikulire wopukusa mutu n'kunena kuti, "Nthawi ya Kamuzu izi kunalibe, tinkagona chitseko chili pululu." Sindimutsutsa msanga munthu wotere, chifukwa mantha a mbava ndi enieni. Koma bata lija linali ndi mtengo wake, ndipo amene anaulipira ndi magazi sakumbukiridwa kawirikawiri pa macheza otere.

Zinayamba dziko lisanathe n'komwe miyezi itatu likudzilamulira. Ufulu tinalandira pa 6 July 1964, ndipo pofika September nduna zinali zitayambana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda pa nkhani zingapo: tiki yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi Apwitikizi, komanso khalidwe lake loyendetsa zinthu yekha. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa, pomwe Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo. Mu February 1965 Chipembere ndi anthu ake anaukira boma ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, koma ulendo wawo wopita ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Yatuta Chisiza analowa ndi mfuti mu 1967 ndipo anaphedwa.

Apa mpamene boma linapezera chonena. Kuli zigawenga, choncho tipatseni mphamvu tikutetezeni. Kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu kunakhala chinthu chololedwa. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala mtsogoleri wamuyaya. Mwana aliyense wa sukulu ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ndipo kunena zoona, anthu ankaona ndi maso awo zomwe zinkachitika kwa anansi. Nkhondo ya ku Mozambique inatibweretsera othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ku Nsanje, ku Dedza, ku Ntcheu ndi m'maboma ena a m'malire. Munthu woona mayi wobereka mwana kumbuyo, atasenza kamtolo, akuchokera kutsidya wapansi, sankavutika kukhulupirira wailesi ikamati Malawi ndi dziko la bata ndi mtendere.

Chizindikiro cha pangano limeneli chinali kakhadi ka Malawi Congress Party. Pakhomo la msika, pokwerera basi, ngakhale polowera kuchipatala m'madera ena, pankaima anyamata a malaya ofiira a Youth League. Mayi wasenza dengu la tomato kuchokera kutali, thukuta lili kamukamu, akuimitsidwa: "Khadi, mayi!" Atula dengu, amasula mfundo ya pansonga ya chitenje, atulutsa kapepala kopindapinda. Ngati palibe, agule pomwepo kapena abwerere ndi tomato wake. Akuluakulu ambiri amakumbukiranso amayi oyembekezera akuuzidwa kugulira khadi mwana wa m'mimba. Ndalama yake inali yochepa. Chomwe munthu ankapereka kwenikweni pamenepo chinali mawu akuti "ayi", ndipo ankawapereka chaka ndi chaka, anthu akuona.

Oyamba kukana monga gulu sanali andale. Anali a Mboni za Yehova, amene chikhulupiriro chawo sichilola kulowa chipani. Boma linawaletsa mu 1967, ndipo mu 1972 nkhanza zinafika poipitsitsa: nyumba kutenthedwa, minda kulandidwa, anthu kuchotsedwa ntchito, amayi kugwiriridwa, ena kuphedwa. Zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Chomwe chimandipweteka pa mbiri imeneyi n'chakuti owamenya sanali alendo. Anali anthu a m'mudzi momwemo, otunga madzi pa chitsime chimodzi, ndipo ambiri otsalawo anangoyang'ana kumbali poganiza kuti a Mboniwo akudziputira okha mavuto. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu May 1983 chinafika pa anthu a m'kati mwenimweni mwa chipani: Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Onsewo makhadi anali nawo.

N'chifukwa chiyani anthu anapirira zaka pafupifupi 30? Ena amati Amalawi ndi ofatsa mwachibadwa. Ine sindivomereza. Chinkagwira anthu pakhosi chinali kusadziwa amene akukumvetsera. Mnzako wa pa bawo, mlamu wako, mphunzitsi mnzako, aliyense akanatha kukhala khutu la Special Branch kapena la a Payoniya. Aliyense ankadandaulira mumtima n'kumayesa kuti wodandaula ndi iye yekha.

N'chifukwa chake kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992 inagwedeza dziko chotero. Zomwe inanena, za kutsekera anthu popanda mlandu, za umphawi, za kusowa ufulu wolankhula, aliyense ankazidziwa kale. Chatsopano chinali kuzimva zikuwerengedwa mokweza, pa guwa, m'matchalitchi onse tsiku limodzi, mnzako ali pambali pako akumva zomwezo. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa. Koma madzi anali atatayika. Ophunzira a ku Chancellor College anachita zionetsero. Chakufwa Chihana, womenyera ufulu wa zipani zambiri, anamangidwa pa 6 April atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu May ogwira ntchito ku David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, zipolowe zinafalikira, apolisi anawombera anthu ambiri, ndipo mwezi womwewo mayiko othandiza anaimitsa thandizo lachitukuko.

Pa referendamu ya pa 14 June 1993, a chipani chimodzi anabwereza mfundo yakale ija, yakuti matipate ndi nkhondo. Anthu oposa 60 mwa 100 aliwonse anaponyera nyali, chizindikiro cha matipate. Komabe m'chigawo chapakati ambiri anasankha tambala wakuda, ndipo si onse amene anachita zimenezi mokakamizidwa. Ena ankaopadi kuti dziko liphwasuka ngati kwa anansi. Orton Chirwa sanaione nyaliyo, anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992. A Mboni analoledwanso kupembedza mu 1993. Ndende ya Dzaleka ku Dowa, komwe ambiri a iwo anazunzikirako, kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa nkhondo ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo.