Doko Losungiramo Sitima, Wothawa ndi Chakukhosi

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi, pali liwu limodzi limene limapunthwitsa ngakhale ophunzira olankhula bwino: "harbour". Ambiri amalidziwa ngati doko, malo amene sitima zapamadzi zimakocheza. Ndiye akakumana ndi chiganizo chakuti "she harboured a grudge for years", amangoti kakasi. Doko lalowa bwanji m'nkhani ya mayi wosunga chakukhosi?

Poyamba liwuli silinkanena za madzi n'komwe. M'Chingerezi chakalekale linali "herebeorg", mawu awiri olumikiza: "here", gulu la asilikali, ndi "beorg", chitetezo. Linkatanthauza pogona pa asilikali, kenako pogona pa aliyense wapaulendo. Abale ake adakalipo m'zinenero zina za ku Ulaya: "Herberge" m'Chijeremani, "auberge" m'Chifalansa, "albergo" m'Chitaliyana, onsewo akunena nyumba yogona alendo. Sitima zinabwera pambuyo, popeza nazonso zimafuna pousa namondwe. Ngakhale "harbinger", lomwe lero limatanthauza chizindikiro cha zimene zikubwera, linali dzina la munthu wotsogola kukakonzera mfumu kapena asilikali malo ogona.

Choncho ku "harbour" ndi kupatsa malo. Funso n'lakuti, mukupatsa malo ndani? Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa m'Chingerezi cha lero mlendo wake nthawi zambiri amakhala wosafunika kuonekera. Liwuli limakonda kuyenda ndi "fugitive", "criminal", "terrorist": wothawa mlandu, chigawenga. Ndi liwu la m'khoti. Lamulo la ku America la mu 1850 lokhudza akapolo othawa linaletsa aliyense ku "harbor or conceal" kapolo, ndipo wopezeka atatero ankatha kulipira chindapusa chofika madola 1,000 ndi kukhala m'ndende mpaka miyezi 6. Anthu amene ankabisa akapolowo ankachita chifundo, koma liwu limene lamulo linasankha linali lowaweruza.

Fungo limeneli silichoka liwuli likasamukira mumtima. Anthu ama "harbour" zinthu monga "a grudge", "resentment", "doubts", "suspicions": chakukhosi, mkwiyo, chikayiko, kuganizira wina zoipa. Zonsezi zimakhala ngati wothawa amene mwamutsekera kuchipinda, mukuseka bwinobwino ndi anthu pabwalo. N'zotheka kunena "he harbours hopes of becoming president", koma apanso pali chinsinsi: mwiniwake sanaulule kuti mpandowo akuulakalaka. Azaumoyo nawonso amati chinkhupule chotsukira mbale "harbours bacteria", kutanthauza kuti chasunga tizilombo tosaoneka ndi maso.

Ife olankhula Chichewa sitiyenera kudabwa kwambiri, pakuti mneni wathu "kusunga" amagwira ntchito ziwiri zomwezi. Timasunga mlendo, timasunganso chakukhosi kapena mangawa. Koma msampha uli pomwepo. "Kusunga" kwathu kulibe mlandu. Wosunga ana amasiye timamutamanda. Wophunzira wina anandilembera m'chimangirizo kuti "my aunt harboured me after my parents died". Galamala yake inali yosalakwika paliponse, koma Mngerezi powerenga angaganize kuti mwanayo ankafunidwa ndi apolisi. Chimene ankafuna kunena ndi "my aunt took me in", pomwe mawu ang'onoang'ono atatu akuti "took me in" amanyamula chifundo chonse cha azakhaliwo.

"Shelter" ndi losavuta. Limateteza ku mvula, ku nkhondo, ku nkhanza, ndipo siliweruza wotetezedwayo. Koma silipita mumtima. Palibe amene amati "shelter a grudge".

Liwu limene ine limandisangalatsa kuposa onse ndi "nurse". Timalidziwa ngati namwino, koma gwero lake ndi mawu a Chilatini okhudza kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndipo kale linkanena mayi woyamwitsa mwana wa mnzake. Ndiye wina akati "he is nursing a grudge", chithunzi chake n'choopsa kuposa cha "harbour". Uyu sanangopatsa chakukhosi malo ogona ayi. Akuchiyamwitsa, akuchibereka kumsana, akudzuka nacho usiku kuti chisafe. Tsiku lililonse amakumbukira mawu amene ananyozedwa nawo, n'kumawabwereza kuti akule. Liwu lomweli limanenedwanso pa munthu amene wakhala ndi kapu imodzi ya chakumwa madzulo onse, akumwa pang'onopang'ono kuti isathe: "nursing a drink". Kusamala kwake n'kofanana, kungoti kapu imatha.

Ngati simukufuna chithunzi chilichonse, nenani "hold a grudge" kapena "bear a grudge". Amenewa ndiwo a tsiku ndi tsiku, ndipo ndimalangiza ophunzira kuyambira pamenepa asanathamangire mawu onona. "Grudge" yemweyo anachokera ku liwu la Chifalansa chakale lotanthauza kung'ung'udza. N'zochititsa chidwi kuti ifenso chakukhosi tinachiika pakhosi, pamene mawu amatsamwira.

Nanga zabwino zimasungidwa ndi liwu liti? "Cherish", m'bale wake wa "cher" wa Chifalansa, kutanthauza wokondedwa. Munthu ama "cherish" chikumbutso cha agogo ake kapena chiyembekezo chimene sachita nacho manyazi. "Foster", lomwe muzu wake ndi umodzi ndi "food", limalera mwana wa wina, ndipo likafika pa maganizo kawirikawiri limalera zinthu pakati pa anthu, monga kukhulupirirana kapena chidani, osati mumtima mwa munthu mmodzi. Pomwe "entertain a thought" kapena "entertain doubts" ndi mlendo wa masana okha. Mwamulandira, mwamumvetsera, koma simunamuyalire mphasa. N'chifukwa chake woweruza angati khoti silinga "entertain" pempho linalake, kutanthauza kuti salilola n'komwe kulowa pakhomo.

Pali gulu lina la mawu lonena za pothawirapo limene anthu amasokoneza akamamasulira nkhani. "Asylum" ndi Chigiriki, malo amene munthu saloledwa kugwidwa. "Sanctuary" ndi malo opatulika, chifukwa ku England wakale wothawa mlandu ankatha kuthawira m'tchalitchi, mwambo umene unathetsedwa m'zaka za m'ma 1620. "Refugee" linalowa m'Chingerezi ndi Apulotesitanti a ku France amene anathawa kwawo mu 1685, ndipo lero tanthauzo lake m'malamulo limachokera m'pangano la United Nations la mu 1951. Dziko lika "grant asylum" kwa munthu, lachita za lamulo. Dziko lina likati loyambalo "is harbouring" munthu yemweyo, ndiye kuti likuliimba mlandu. Munthu ndi mmodzi, nyumba ndi imodzi, koma mneni wasonyeza mbali imene wolankhulayo waima. Womasulira akalemba "kusunga" ponseponse, mkangano wonsewo wazimiririka m'nkhaniyo.

Za kalembedwe, "harbour" ndi ya ku Britain, "harbor" ndi ya ku America, kumene Noah Webster anachotsa "u" mu mtanthauziramawu wake wa mu 1828. N'chifukwa chake timalemba Sydney Harbour koma Pearl Harbor. Sankhani kalembedwe kamodzi ndipo mukhale nako mpaka kumapeto kwa tsamba, kupatula pa mayina a malo, amene amalembedwa monga eni ake amalembera.