Ngongole siifafanizika chifukwa choti mwasiya kubweza

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva bodza limodzimodzi, kuyambira pamsika wa Lizulu mpaka pa boma la Ntcheu. Akuti ngongole ya pakhadi ya kubanki kapena ya pafoni, mukangosiya kubweza n'kutaya simu khadi, imafa yokha. Zanditopetsa, chifukwa amene akupwetekeka nazo ndi anthu olimbikira, ogulitsa kachewere ndi kabichi.

Mukasiya kubweza, chiwongoladzanja chimapitirira kukwera, ndipo nthawi zambiri pamawonjezekanso chindapusa cha kuchedwa. Simu khadi mudalembetsa ndi chiphaso chanu chaunzika, choncho nambala yatsopano sikubisani. Komanso dziko lino lili ndi lamulo la mu 2010 lolola kuti pakhale mabungwe osunga mbiri ya angongole. Dzina likalowa kumeneko ngati wosabweza, tsiku lomwe mudzafune ndalama za feteleza kubanki ina akhoza kukubwezani chimanjamanja. Wokongoza angathenso kupita kukhoti, kulanda chikole, kapena kulondola m'bale amene adakusainirani. Apa mpamene pamandiwawa kwambiri, poti iye sadadyeko ndalamazo.

Musangokhulupirira ine. Tulutsani pepala la mgwirizano lija, muwerenge pomwe palembedwa za kulephera kubweza. Pemphani kubanki sitetimenti yoonetsa zomwe zatsala, mufunsenso mmene mungaonere mbiri yanu ya ngongole. Ngati malonda avuta, pitaniko msanga mukakambirane zotalikitsa nthawi yobwezera.

Chonde, wina akakuuzani zoti ngongole imafa yokha, mufunseni pomwe zalembedwa musanakauze mnzanu.